Lipoti la Corolla yomwe inkazima pa chitunda cha Chikwawa mafuta akatsika pa kota

Galimotoyi inafika pa galaja yanga ku Ndirande mu Novembala 2024 ikudziyendera yokha, injini ikulira mosalala ngati ilibe chovuta. Ndi Toyota Corolla ya NZE121, injini yake 1NZ-FE, ya petulo, thanki ya malita 50, ndipo inali itayenda makilomita opitirira 210,000. Mwini wake ndi mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene anaipereka kwa mwana wa mchimwene wawo kuti azinyamulira anthu pakati pa Blantyre ndi Chikwawa. Ndalemba lipotili poganizira amakaniko anzanga ndi anyamata amene akuphunzira ntchito, chifukwa nthawi imeneyo mafuta ankasowa, magalimoto a matenda amenewa anachuluka, ndipo eni ake ankataya ndalama pogula zitsulo zomwe sizinafe.

Dandaulo la dalaivala

Dalaivala anafotokoza motere: "Amisiri, m'tauni muno ilibe mlandu. Kutsetsereka kupita ku Chikwawa imapita bwino. Koma pobwerera, tikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, imayamba kutsamwa. Ndikaponda moto siyankha, imanjenjemera, kenaka zii. Tikadikira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu imalira, n'kuyendako pang'ono, n'kuzimanso. Dzana anthu anatsika n'kukwera ina, ndalama ndinabweza."

Ndinawafunsa ngati zimachitika tsiku lililonse. Anati ayi, masiku ena imakwera popanda kudandaula. Ndiye ndinafunsa funso limene linadzatsegula nkhani yonse, ngakhale kuti ineyo ndinachedwa kulitsatira: "Achimwene, tsiku limene imakwera bwino, muvi wa mafuta umakhala pati?" Anakhala chete kanthawi. Kenaka anakumbukira kuti sabata ina anagona pa mzere wa mafuta, m'mawa n'kupeza mwayi wodzaza thanki, ndipo masiku awiri otsatira galimoto sinazime ngakhale kamodzi. Tsiku lachitatu, muvi utatsika pansi pa kota, matenda anabwerera. Masiku ambiri, monga amachitira a mataxi ochuluka, iwo ankathira malita asanu kapena asanu ndi awiri, n'kumayenda nyali ya mafuta ili chiyakire.

Isanafike kwa ine galimotoyi inali itadutsa m'manja mwa anthu atatu. Woyamba anasintha mapulagi. Wachiwiri anasintha makoyilo awiri (opereka moto ku mapulagi) n'kutsuka sensa ya mpweya ija timati MAF. Wachitatu anati ndi pampu ya mafuta, ndipo anaika ina masabata atatu m'mbuyomo. Itasinthidwa pampu zinthu zinakhalako bwino kwa masiku ochepa, kenaka vuto linabwerera moposa kale. Dalaivala anandiuza izi pofuna kuti ndisataye nthawi ndi pampu. "Imeneyo ndi yatsopano, amisiri, yang'anani kwina."

Za kumene mafuta ankachokera sanabise. Miyezi imeneyo malo ambiri omwetsera mafuta anali ouma, ndipo galimoto ya bizinesi singagone pa mzere masiku atatu aliwonse. Theka la petulo amene ankathira linali la m'zigubu, logula m'mbali mwa msewu, losefedwa pa kansalu pothira.

Tsiku loyamba, ndi pamene ndinasochera

Pofuna kuti afike bwino pa galaja, dalaivala anali atathira mafuta mpaka muvi kupitirira pa theka. Anachita mwanzeru kumbali yake, koma kumbali yanga anali atabisa matenda amene ndinkafuna kuwaona.

Batire inali ndi mavoti 12.6 injini ili chete, ndipo 14.1 ikulira. Makina owerengera kompyuta ya galimoto anatulutsa nambala imodzi yokha, P0171, kutanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta. Nambala imeneyi siloza chitsulo chimene chafa. Ingabwere chifukwa cha paipi ya mpweya yong'ambika, MAF yakuda, mainjekita (timipopi topopera mafuta mu injini) otsekeka, kapena mafuta osakwanira. Chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi kuona nthawi imene kompyuta ikuwonjezera mafuta kwambiri. Mpweya ukamalowera pa mng'alu, kompyuta imawonjezera kwambiri injini ikamalira pamalo, ndipo mukaponda moto kuwonjezerako kumachepa. Mafuta akamaperewera zimakhala mosemphana: pamalo zili bwino, pa katundu ndiye zimaipa. Corolla iyi inkawonjezera 6 peresenti pamalo, koma pa msewu ndikaponda inkafika pa 18. Mng'alu wa mpweya ndinauchotsa pa mndandanda.

Kenaka ndinalumikiza geji ya presha. Injini imeneyi ilibe kavalavu koyezera pa paipi ya mainjekita, choncho pamafunika cholumikizira cha nthambi zitatu pa paipi yochokera ku thanki. Buku la Toyota limati presha ya injini iyi ikhale pakati pa 304 ndi 343 kPa, ndipo mukazimitsa isatsike kupitirira 147 kPa pa mphindi zisanu. Ndinapeza 320 pamalo. Nditazimitsa inatsika pang'ono chabe n'kuima, kusonyeza kuti mainjekita sakudontha, ndipo valavu ya mu pampu ndi regyuleta (kachipangizo kosunga presha pa mlingo wake) zikugwira.

Ndinamata geji kunja kwa galasi lakutsogolo, pansi pa waipa, chifukwa paipi ya petulo siyenera kulowa mokhala anthu, n'kupita pa msewu. Ndikaponda mwamphamvu muvi unkatsika kufika 290, ndikasiya n'kubwerera. Galimoto sinatsamwe. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. 290 ili pansi pa muyezo wa buku, ndipo presha ya galimoto yabwino siyenera kugwa choncho pa katundu. Ndinaiona, ndinailemba m'kope, koma mawu aja oti pampu ndi yatsopano anali atandilowa m'mutu, ndipo ndinaganiza za MAF. Ndinabwereka MAF yabwino pa Corolla ina yomwe inali pa galaja, kuiika, kuyendanso. Manambala sanasinthe. Masana onse anathera pamenepo.

Usiku ndikuwerenganso kope ndinaona kuti dalaivala anali atandipatsa zinthu zitatu: mafuta ochepa, kutentha, chitunda chokhotakhota. Ine ndinali nditayesa galimoto ili ndi mafuta ambiri, m'mawa kukuzizira, pa msewu woongoka. Palibe chimodzi mwa zitatuzo chimene ndinachibweretsa pa mayeso.

Chimene chimasintha thanki ikatsika

Ndiime pang'ono pa mfundo iyi, chifukwa pali chikhulupiriro chofala chimene chimasocheretsa ngakhale amisiri. Anthu amati mafuta akachepa pampu imayamba kukoka zinyalala za pansi pa thanki. Kunena zoona pampu imakoka pansi nthawi zonse, kaya thanki yadzaza kaya ayi, chifukwa pakamwa pake pali pansipo. Ikanakhala kuti imamwa pamwamba, bwenzi galimoto ikuzima thanki isanafike pa theka.

Zimene zimasintha ndi zina. Mafuta akakhala ambiri, kulemera kwake kumawakankhira okha pakamwa pa pampu, ndipo ngakhale kasefa ka pansi katatsekeka pang'ono, pampu imapezabe chakumwa. Akachepa thandizo limenelo limatha. Mafuta ochepa amakhavukiranso uku ndi uku pokhota ndi pokwera, kusiya kasefa pamtunda kwa kamphindi, komanso kuvundula matope amene anali atakhazikika. Ndiye pali kutentha. Pampu iyi ndi kamota ka magetsi kokhala m'kati mwa thanki, ndipo petulo amene akudutsa m'kati mwake ndiye amakaziziritsa ndi kukafewetsa. Pa Corolla imeneyi regyuleta ili m'thanki momwemo, palibe paipi yobwezera mafuta kuchokera ku injini, motero otsala amagwera pomwepo n'kukokedwanso. Malita 40 amamwaza kutentha kumeneko. Malita asanu amangozungulira mu mota yomweyo, pansi phula la ku Chikwawa likuwotcha, pambali paipi ya utsi ikudutsa. Petulo wotentha akakokedwa mwamphamvu kudzera pa sefa yotsekeka amasanduka nthunzi pakamwa pa pampu, ndipo pampu yopangidwira madzimadzi singakankhe nthunzi. N'chifukwa chake galimoto yotere imalira ikapuma mphindi khumi: mafuta azizirako, abwerera pamalo pake, ndipo zinyalala zina zagwa pa kasefa.

Chitunda chimangomaliza. Injini ya malita 1.5 ikamalira pamalo siimaliza lita imodzi pa ola. Ikamakoka anthu asanu ndi katundu pa mtunda, moto uli pansi, ingafune malita opitirira 20 pa ola. Pampu yotopa kapena fyuluta yotsekeka imakwanitsa zoyambazo mosavuta, n'chifukwa chake kuyeza presha pamalo pokha kumanamiza.

Tsiku lachiwiri

M'mawa ndinapopa mafuta kutuluka m'thanki kudzera pa paipi ya ku injini, kuwathira m'zigubu zoyera, mpaka pampu itayamba kumeza mpweya, ndipo ndinaimitsa nthawi yomweyo. Lita yoyamba ndinaithira m'botolo loonekera n'kuliika pa mthunzi. Kenaka ndinabwezera malita 10 oyeza bwino. Muvi unaima pansi pang'ono pa kota, pamene uyenera kuima. Izi zinandichotsera chikayiko china: pali magalimoto amene choyandama cha m'thanki chimanama, muvi n'kumaonetsa kota pamene thanki yauma, ndipo mwini wake amasintha pampu pomwe vuto ndi loti mafuta atha basi. Apa muvi wa mafuta unkanena zoona.

Ndinayendetsa galimoto ola lathunthu masana dzuwa lili paliwombo, mnyamata wanga atakhala kumbuyo mpando utachotsedwa, mita ya magetsi ili pa mawaya a pampu. Itatentha, phokoso la pampu linasintha. M'malo mwa kung'ung'udza kosalala inayamba kulira mokwera, nthawi zina ngati ikukhadzula mchenga. Pamalo presha inali 310 koma muvi ukunthunthumira. Tinapita pa chitunda chokhota chimene ndimayeserapo magalimoto. Pokwera presha inatsika kufika 200. Pokhota inagwa kufika 120, injini inatsamwa kawiri n'kuzima, ndendende mmene dalaivala ananenera.

Tisanakhudze china chilichonse ndinamasula chitsekero cha thanki kumvetsera. Thanki imene siikupuma bwino imadzikoka m'kati mafuta akamachepa, ndipo mukatsegula mumamva mpweya ukulowa mwamphamvu. Matenda ake amafanana kwambiri ndi awa. Panalibe kanthu. Tinayesanso chitundacho chitsekero chili chomasula, galimoto inazimanso pa malo omwewo.

Za magetsi mnyamata anali ataona zonse. Pa pulagi ya pampu pankafika mavoti 13.6 pamene batire inali pa 14.1, ndipo nthawi imene injini inkatsamwa mavotiwo sanagwedezeke. Waya wa nthaka unkataya 0.1 yokha. Choncho rile (kaswichi koyatsa pampu), fyuzi ndi mawaya zinalibe mlandu. Koma mphamvu imene pampu inkakoka inanena zambiri. Pa magalimoto a mtundu uwu ndinazolowera kuona maampu 4 kapena 5. Iyi inkakoka pafupifupi 7 ikamayenda bwino, ndipo potsamwa inkagwa mwadzidzidzi kufika 2 kapena 3 n'kukweranso. Pampu ikamakoka magetsi ambiri ndiye kuti ikukankha chinthu chotsekeka kutsogolo kwake. Ikagwa mwadzidzidzi ndiye kuti ikuzungulira chabe, yameza mpweya. Zizindikiro ziwirizo zinali pa pampu imodzi: kutsogolo kotseka, kumbuyo kopanda chakumwa.

Pomaliza tinathira malita ena 10 ozizira amene tinanyamula. Galimoto inalira nthawi yomweyo n'kukwera chitunda chija, presha ili pa 285. Sinachire, koma sinazime.

Pano ndiwachenjezeko anyamata pa kanthu kamodzi. Ambiri amatembenuza kiyi osaliza injini, n'kutchera khutu ku thanki, akapanda kumva pampu n'kugamula kuti yafa. Pa magalimoto ena njira imeneyi imagwira. Pa Toyota zambiri za zaka zimenezi kompyuta siyatsa pampu mpaka sitata itazungulira kapena injini ikulira. Chete wa pa kiyi si umboni.

Zimene tinapeza m'thanki

Pa NZE121 pampu imatulukira pansi pa mpando wakumbuyo, sipafunika kutsitsa thanki kuti muione. Tinachotsa presha m'mapaipi pozula pulagi ya pampu n'kuliza injini mpaka itazima yokha, tinachotsa waya wa batire, tinakankhira galimoto panja pa mphepo kutali ndi amene amawotcherera zitsulo, chozimitsira moto chili pafupi. Tinapukuta fumbi lonse pa chivindikiro tisanatsegule. Izi sindizinyengerera pa galaja yanga. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi, ndipo ikhoza kukapeza mbaula imene ili patali ndithu.

Titatulutsa, nkhani yonse inali poyera. Pampu imene inaikidwa inali yatsopano ndithu, koma sinali ya galimoto iyi. Inali yaifupi pang'ono, yomangidwa ndi kawaya kuti isagwedere m'chikombole chake, ndipo kasefa kake, kamene ena amati sokosi, kanali ka maonekedwe ena. M'malo mogona chafufumimba pansi pa thanki kanali kopendekeka, nsonga imodzi ikukhudza pansi, ina itakwera pafupifupi masentimita atatu. Nsonga ya pansiyo inali itamatidwa ndi matope ofiirira osakanikirana ndi ulusi wa nsalu, moti simukanaona maso a sefa. Nsonga yokwerayo inali yoyera. Ndiye kuti pampu inkamwera kumtunda kokha, mbali imene imayamba kukhala pamtunda mafuta akatsika. Thanki ikadzaza zonse zinkamira ndipo galimoto inkayenda. Pa malita 10, kukhota kumodzi kunali kokwanira kuivundukula.

Kasefa kabwino kogona pansi kali ndi khalidwe limene ambiri salidziwa. Maso ake ndi aang'ono kwambiri moti akanyowa ndi petulo amakana mpweya, ndipo ngakhale mbali ina itatuluka pamwamba kwa kamphindi, pampu imapitiriza kumwera mbali yomira. Koma mbali yomirayo ikatsekeka, kukoka kumakula mpaka mpweya umaboola kumtunda.

Chachiwiri chinali fyuluta. Pa galimoto iyi fyuluta yaikulu siili panja pa paipi ayi, ili m'chikombole cha pulasitiki chomwe chimagwira pampu, m'thanki momwemo. Chifukwa siioneka, anthu ambiri amaganiza kuti kasefa ka pansi kaja ndiye fyuluta yonse. Ya galimoto iyi inkaoneka kuti sinasinthidwepo chichokereni ku Japan. Nditaipendeketsa chambuyo munatuluka madzi akuda ngati a m'chithaphwi. Ndinaidula ndi sowo ya manja itauma: pepala la m'kati linali lolimba ndi dothi, makwinya ake atadzaza mpaka kufanana. Apa ndi pamene maampu 7 aja ankachokera.

Chachitatu chinali pansi pa thanki penipeni. Nditaunika ndi tochi yotsekedwa bwino ndinaona matope, tizidutswa ta dzimbiri, ndi timadontho ta madzi tikugubuduzika pansi pa petulo. Botolo lija ndinaika pa mthunzi m'mawa linali litanena kale: pamwamba petulo wa mbuu, pansi mzere woonekera wa madzi wokhuthala ngati chala. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol payekha si vuto, magalimoto athu ayenda naye zaka zonsezi. Koma amakonda madzi. Madzi ochepa amawameza n'kupsa nawo mu injini osadziwika. Akachuluka, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pomwe pampu imamwera. Mgolo umene wagona panja pa mvula, chigubu chimene dzulo chinatunga madzi, ndi zokwanira kubweretsa zimenezi. Dzimbiri lija ndikukhulupirira kuti linachokera m'migolo, ndipo ulusi unachokera pa kansalu kosefera.

Dalaivala anali atasunga pampu yakale m'buti. Ndinaipempha. Pa mita inaonetsa kuti waya wake wa m'kati ngwamoyo, mkati mwa 0.2 mpaka 3.0 ohm imene buku limanena, umboni woti mayeso amenewo paokha sakwanira. Nditaitsegula, kagudumu kokankha mafuta kanali kokalikakalika ndi mchenga, ndipo pamene maburashi amakhudza panali patadyeka mpaka kupanga ngalande. Mmisiri amene anaichotsa sanalakwe kunena kuti yatopa. Chimene chinatsala ndi kufunsa chimene chinaitopetsa. Pampu yatsopano inaikidwa pa fyuluta yomweyo ndi m'matope omwewo, ndipo pa masabata atatu okha inali itayamba kale kulira ngati yakale.

Ntchito imene inagwiridwa

Ndinawaimbira mayi aja ndisanagule kanthu, chifukwa ndalama zinali zawo ndipo anali atalipira kale katatu. Anabwera okha madzulo. Ndinayala pa tebulo kasefa, fyuluta yodulidwa, pampu ziwiri ndi botolo lija. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Bambo, ndiye nditsimikizireni kuti ulendo uno ndi womaliza." Ndinawayankha kuti, "Mayi, chimene ndingakutsimikizireni ndi choti ndikakonza ndikaiyesa pa chitunda chomwecho, masana, ndi mafuta ochepa omwewo. Ikakazima simundilipira ntchito ya manja."

Tinatsitsa thanki, kukhuthula zonse, kuitsuka mpaka nsalu yoyera yopanda ulusi itatuluka yoyera, n'kuisiya iume bwino. Ena amazemba gawo limeneli chifukwa limadya tsiku, koma kuika pampu yatsopano m'thanki yakuda n'kuipha tsiku loiika. Tinapemerera paipi yopita ku injini ndi mpweya wa kompuresa itamasulidwa mbali zonse. Tinaika fyuluta yatsopano, pampu ya nambala yoyenera galimotoyi pamodzi ndi kasefa kake, timphira tatsopano polumikizira, ndi gasiketi yatsopano pa chivindikiro. Ndisanatseke ndinayeza kuya kwa thanki ndi kutalika kwa chikombole kuti nditsimikize kuti kasefa kagona pansi. Regyuleta inali bwino, ndinaibwezera. Mainjekita ndinawachotsa kukawayesa, popeza fyuluta yodzaza chotero imatha kudutsitsa fumbi losalala. Imodzi inkapopera mopotoka, ndipo itatsukidwa inafanana ndi zinzake. Makoyilo awiri akale aja, amene dalaivala anasunganso, ndinawayesa pa galimoto ndipo onse anali amoyo. Ndinawauza awasunge.

Petulo amene tinakhuthula sindinamubwezere. Dalaivala zinamuwawa, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa masiku amenewo lita iliyonse inali ya thukuta. Amene anali woyera pamwamba pa zigubu zitagona usiku tinamusefa bwino n'kumugwiritsa ntchito yotsukira zitsulo.

Kuyesa komaliza

Ndinafufuta P0171 ndi zonse zimene kompyuta inazolowera, ndinathira malita 16 a pa pampu ya pa siteshoni, ndipo tinatsetsereka kupita ku Chikwawa anthu anayi, geji ili pa galasi, chigubu cha malita asanu chili m'buti mwa chitetezo. Tinazungulira kumunsiko mpaka muvi utafika pamene unali tsiku lozima lija, n'kuyamba kukwera cha m'ma 2 koloko masana. Kuyambira pa Thabwa mpaka pamwamba presha inakhala pakati pa 315 ndi 325, pokhota paliponse, moto uli pansi. Pampu inkakoka maampu 4.6 osagwedezeka. Kompyuta inkawonjezera mafuta ndi 2 kapena 3 peresenti basi. Tinatsikanso theka la chitunda n'kukweranso nyali ya mafuta itayaka, kuti ndione malire ake, ndipo sinatsamwe.

Amene akukonza magalimoto ena asatengere zonse za Corolla iyi. Magalimoto ambiri atsopanoko ali ndi pampu yokhala m'kachitini kamene kamadzazidwa ndi kampopi kakang'ono koyendera mafuta obwerera. Kampopiko kakatsekeka, kapena kavalavu ka pansi pa chitini kakamadontha, galimoto imazima pa kota ngakhale pampu ndi fyuluta zili zabwino. A dizilo ambiri fyuluta yawo ili panja, ili ndi kotayira madzi pansi pake, ndipo thanki ikauma mpweya umalowa m'mapaipi moti pamafunika kuupopa ndi dzanja injini isanalire. Njira yofufuzira ndiyo imafanana: bweretsani galimoto pa mlingo wa mafuta ndi kutentha kumene imadwalira, geji ili pamalo.

Zimene tinagwirizana ndi eni galimoto

Kuuza dalaivala wa taxi kuti azidzaza thanki n'kosavuta kwa munthu amene sapereka ndalama ya bwana madzulo aliwonse. Choncho tinakhala pansi atatu n'kuwerengera. Galimoto imamwa malita omwewo pa tsiku, kaya muvi ukusewera pakati pa theka ndi kota, kaya pakati pa nyali ndi pouma. Kusiyana kwake ndi malita 12 kapena 15 oyamba, ogula kamodzi kokha, amene amakhala m'thanki ngati maziko. Mayi aja anavomera kugula amenewo ndi ndalama zawo, ndipo dalaivala analonjeza kuti kota aziyiwerenga ngati thanki yatha.

Za zigubu sindinawauze kuti asiye, chifukwa ndikanangonena mawu amene sakanawatsata. Ndinawauza kuti azikhala ndi chigubu chawochawo cha petulo yekha, chotseka bwino. Asanathire aziyamba aona pang'ono m'botolo loonekera, ndipo akaona mbuu kapena mzere pansi asagule. Ngati nthawi ilipo, chigubu chikhale kaye chiimire kuti zolemera zitsike, ndipo chotsalira cha pansi asachikhuthulire m'thanki. Kansalu ndinawaletsa, ndinawapatsa fanelo ya sefa ya waya wosalala. Ndinawaletsanso kukoka petulo ndi pakamwa pa paipi, chinthu chimene ndaona chikugoneka anyamata m'chipatala atamukokera m'mapapo.

Galimotoyi inabweranso mu Febuluwale 2025 kudzasintha oyilo, itayenda makilomita pafupifupi 9,000 chikonzereni. Sinazimepo. Ndinapempha chilolezo kwa mayi kuti nditsegulenso pansi pa mpando, ngakhale panalibe dandaulo, chifukwa ndinkafuna kuona mmene kasefa kakukhalira ndi mafuta a masiku amenewo. Kanali katagona bwino pansi, katayamba kufiirira pang'ono m'mphepete, maso ake onse ali otseguka. Presha inali 322 kPa, pampu ikukoka maampu 4.7. Ndinalemba m'kope la galimotoyo kuti tidzatsegulenso ikadzayenda makilomita ena 20,000, kapena tsiku limene kompyuta idzayambe kuwonjezera mafuta kupitirira 10 peresenti pa katundu, chimene chidzayambe kufika.